KWA ZINGALUME MATIMATI AOLA, KU KOMBONI NDIWO ZADULA

Abale ndi alongo a m'makomboni, dzina lakuti Zingalume mulidziwa. Inu a ku Lusaka mukalimva muganiza za komboni ija iri pafupi ndi George ndi Matero. Koma kuli Zingalume winanso, dziko la Mfumu Zingalume ya Acewa m'boma la Chadiza, boma locita malire ndi Mozambique. Lero tifuna kukamba za Zingalume wa kumudziyo, cifukwa zimene zicitika m'madimba ndi m'makola a kumeneko zifika mpaka pa mbale yanu ya nsima.

Taonani. Munthu wa nchito alandira malipiro ace pakutha pa mwezi. Amai apita ku msika ndi ndarama yooneka ngati yambiri, nabwerako ndi kamulu ka matimati ndi kamtolo ka repu kosakwana banja. Ana amwa tiyi wopanda mkaka, phala lao ndi la madzi ndi mcere basi. Kumudzi nako mlimi ayang'ana matimati ace ali kupsa onse pamodzi, wogula palibe, mpaka atola oolawo kukaponyera nkhumba. Mnzace wakama mkaka mamawa, dzuwa lisanapendeke mkakawo wasasa. Kodi ndi nzeru yanji imeneyi, kuti m'dziko limodzi wina alire ndiwo, wina alire wogula? Ife tinena kuti ili si tsoka lakugwa kumwamba iai. Vutoli liri ndi zifukwa zace, ndipo zifukwazo anthu angathe kuzicotsa.

KUMENE TINACOKERA

Tiyambe ndi zakale, pakuti munthu wosadziwa pamene anapunthwa adzapunthwanso pomwepo. M'caka ca 1898 asilikali a Azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha Nsingu mwana wa mfumu, natenga ng'ombe zikwi zambiri. Dziko la kum'mawa linali m'manja mwa kampani ya North Charterland. Nthaka yabwino yozungulira Fort Jameson, imene lero tiicha Chipata, inasanduka mapulazi a fodya, ndipo m'caka ca 1928 eni dziko anawalembera malire a marizevu. Acewa ndi Angoni anapanikizana m'menemo, nthaka inaguga, mpaka Boma la atsamunda lomwe linaona kuti zinthu zaipa, ndi kugula malo a kampaniyo m'caka ca 1941 kuti anthu ena asamukireko. Msonkho unatulutsa amuna m'midzi kunka ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ku Joni ndi ku Copperbelt. Ambiri a ife tiri m'makomboni lero cifukwa agogo athu anayenda ulendo umenewo.

Ulimi wa mkaka wogulitsa unamangidwa m'mbali mwa njanji, kudzera ku Mazabuka ndi Lusaka kufikira ku Copperbelt, kumene kunali mapulazi a Azungu ndi matauni. Ufulu unabwera pa 24 October 1964, koma njira ya mkaka siinasunthe kweni-kweni. Bungwe la Dairy Produce Board, limene linakhazikitsidwa caka comweco, linagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo makampani akulu ogula mkaka akali ku mbali ya njanji komweko. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 500. Mlimi wa kwa Zingalume ali kutali ndi moto. Amene ali pafupi ndiwo awotha.

Sitinena izi kuti tikhale pansi ndi kulira za atsamunda. Zaka zoposa 60 zapita cicokere iwo. Mlanduwu tsopano uli pa ife eni.

MADZI

Dimba ndi mwana wa dambo. Mvula ikaleka mu April, amai ndi anyamata akumba zitsime m'dambo ndi kuthirira ndi ndowa kapena keni, m'mawa ndi madzulo. M'miyezi yozizira madzi ali pafupi, ndipo aliyense abzala repu, kabici, mpiru, anyezi ndi matimati. Pakuti onse abzala nthawi imodzi, onse akolola nthawi imodzi, ndipo mtengo ugwa pansi. Pofika October zitsime zaphwa, munthu akumba mpaka msana kuwawa, mbeu zifota. Mvula ikabwera dambo lidzala madzi, matenda agwira matimati, ndiwo zicepa pa msika, ndipo inu a m'tauni mugula modula. Tsono mlimi ali ndi katundu pamene mtengo uli pansi, ndipo alibe kanthu pamene mtengo wakwera.

Caka ca cilala ndiye cionongeratu. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Kumudzi madambo sanadzale. Ku tauni tinakhala mu mdima cifukwa madzi a ku Kariba anacepa. Tonse tinalawa mbale imodzi.

Ng'ombe nayo ifuna madzi. Mkaka weni-weniwo, magawo pafupi-fupi 87 mwa 100 ndi madzi, ndipo ng'ombe yabwino ya mkaka imwa malita oposa 50 pa tsiku. Ng'ombe yoyenda ulendo wautali kukamwa matope pa dziwe louma siingadzaze ndowa. Ndipo tisabise: mitengo ya m'mapiri ndi ya m'mphepete mwa mitsinje, imene isunga madzi m'nthaka, iri kutha ndi nkhwangwa ya makala, ndipo amene tiphikira makalawo ndife a m'makomboni.

CIGODOLA NDI NJALA YA M'KHOLA

Ng'ombe yathu ya kum'mawa, imene akatswiri aicha Angoni, ndi yolimba. Ikoka pulawo, ikoka ngolo, ipirira dzuwa. Koma mkaka wace ndi wocepa. Mwana akayamwa, mwini atsala ndi lita limodzi kapena awiri. Ng'ombe zosakaniza ndi Friesian kapena Jersey zipatsa mkaka kuwirikiza kangapo, koma izi ndizo zimene cigodola ciyamba kugwetsa.

Cigodola cidza ndi nkhupakupa yofiirira imene ikonda kuluma m'makutu. Ng'ombe itupa anabere pansi pa khutu, thupi litentha, ileka kudya, ipuma mobvutika, ndipo pasanathe masabata atatu kapena anai yafa. Matendawa anapezeka m'boma la Chipata m'caka ca 1947, ndipo ciyambire apo aliritsa mabanja osawerengeka. Mankhwala alipo. M'zaka za m'ma 1980 madokotala a ziweto, mothandizidwa ndi anzao a ku Belgium, anayamba kutemera ana a ng'ombe kum'mawa kuno ndi kacirombo kotengedwa ku Katete, kubaya kacirombo ndi mankhwala nthawi imodzi kuti thupi liphunzire kulimbana nako. Koma katemerayu afuna kusungidwa pozizira kwambiri, afuna dokotala wofika kumudzi, afunanso ndarama pa nthawi yace. Kusambitsa ng'ombe m'dipi nako kunabwerera m'mbuyo pamene Boma, kuyambira m'caka ca 1991, linacotsa dzanja lace pa nchito zambiri za ulimi. Madipi ambiri anauma ndi kumera udzu. Banja limene lasonkha zaka zambiri kuti ligule ng'ombe imodzi ya mkaka, ikafa ndi cigodola, silidzayesanso, ndipo mudzi wonse utengera pomwepo mantha.

Njala ya m'khola ndi mdani waciwiri. Anthu akatha kukolola, ng'ombe azitayirira, ndipo zina zithyola mpanda ndi kudya dimba la mnansi. Mlandu upita kwa mfumu, abale adana. Kenaka anyamata ofuna mbewa ayatsa chire, msipu upsa. Pomwepo mapesi, masamba a nshawa, gaga, ndi zotsala za mpendadzuwa atafinya mafuta, zimene zikadasunga mkaka m'bere mpaka mvula, zitayika kapena kutenthedwa. Ndowe nazo zimwazika m'chire, pamene dimba lilira feteleza wa ku sitolo. Thandizo la feteleza limene Boma linayamba m'caka ca 2002 linayang'ana kwambiri cimanga. Koma kodi munthu adya nsima yokha?

Ku dimba kulinso mdani wace. M'caka ca 2016 kunalowa m'dziko muno kagulugufe kochedwa Tuta absoluta, kamene mbozi zace ziboola masamba ndi zipatso za matimati. Mlimi wopanda mlangizi agula mankhwala alionse, apopera kawiri-kawiri, ndarama zithera pamenepo. Wina apopera lero, mawa athyola kukagulitsa, osadikira masiku olembedwa pa botolo. Adya matimati amenewo ndani? Ndinu ndi ana anu.

MSEU NDI MSIKA

Cimanga ungacisunge m'nkhokwe kudikira mtengo. Matimati sadikira, mkaka ndiye sudikira konse. M'dziko lotentha ngati lathu mkaka wosawiritsa uyamba kuonongeka patapita maola ocepa, ngati sauziziritsa kufika pa madigiri 4. Kucokera pa boma la Chadiza kufika ku Chipata pali makilomita oposa 60, ndipo mlimi ayamba wayenda kucokera kumudzi ndi njinga kapena ngolo kuti apeze garimoto. M'caka ca 2012 Boma linayamba nchito ya miseu yochedwa Link Zambia 8000, ndipo anthu a ku Chadiza anakhala zaka zambiri akudandaula za kucedwa kwa phula pa mseu wa ku Chipata. Koma ngakhale mseu waukulu ukhale wosalala, kamseu ka kumudzi ndi kamlatho ka pa mtsinje ndizo ziphwanya matimati m'bokosi ndi kutsekera mkaka tsidya lija m'dzinja.

Akafika pa msika, kaya pa Saturday Market ku Chipata kaya pa Soweto ku Lusaka, mlimi ali yekha. Walipira kale garimoto, alibe pogona, katundu ali kufewa. Wogula angathe kudikira mpaka madzulo, iye sangathe. Mtengo auchula ndi wina, iye angobvomera. Sitinena kuti amai ogulitsa pa msika ndiwo adani. Amenewo ndi akazi athu, alongo athu, ofuna ya sukulu ya ana. Mdani ndi kusagwirizana kwa alimi, kumene kucititsa kuti anthu makumi awiri a mudzi umodzi apite ndi katundu mmodzi-modzi tsiku limodzi, aliyense payekha, ndi kutsitsirana mtengo okha-okha.

ZIMENE TINAPHUNZIRA

Ena adzati: pangani makopaletivu. Inde, koma tikumbuke. Mu January 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu ku Ndola, Pulezidenti Kenneth Kaunda anaitana anthu kuti apange makopaletivu. Anaphuka ngati bowa. Ambiri anapangidwa pofuna ngongole ya Boma, osati pofuna kugwira nchito pamodzi, ndipo patapita zaka zocepa anagwa, ngongole zosabwezedwa. NAMBOARD, imene inali kugula mbeu za alimi kuyambira m'caka ca 1969, inathetsedwa m'caka ca 1989. Phunziro lace ndi ili: kabungwe kobadwa cifukwa ca ndarama za Boma kafa tsiku limene ndaramazo zatha. Kopaletivu imene idzuka pa nthawi ya feteleza yokha, ndi kugona caka conse, siingagulitse ngakhale lita limodzi la mkaka.

Phunziro lina liri pafupi, kwa Mpezeni. Pamene sitolo ya Shoprite inatsegulidwa ku Chipata cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, inali kugulitsa masamba ocokera kutali, ndipo alimi a ku Luangeni anaona msika wao ukucepa. Mkwiyo unakula. Koma potsiriza anakhala pansi, anagwirizana, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 anayamba kupereka masamba ao ku sitoloyo. Anapeza kuti wogula wamkulu afuna katundu wabwino sabata iri yonse, osati mulu waukulu mu July ndi manja okha mu January. Cimeneco munthu mmodzi sangacithe. Mutu umodzi susenza denga.

ZIMENE TIFUNA

Coyamba, kwa Boma. Mlangizi wa ulimi ndi dokotala wa ziweto akhale kumudzi, ndi njinga yamoto yokhala ndi mafuta, osati mu ofesi pa boma. Katemera wa cigodola afike caka ndi caka pa nthawi yodziwika, kuti mlimi akonzekere. Ndipo pasapatsidwe munthu ng'ombe ya mkaka pa msonkhano wa manja ndi nthungululu, pamene alibe khola, alibe madzi, alibe cakudya cace. Kutero ndi kumpatsa maliro.

Caciwiri, kwa a khonsolo, makhansala ndi phungu wa ku Chadiza. M'caka ca 2022 ndarama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zinakweranso m'zaka zotsatira. Palibenso cifukwa cakunena kuti zonse zidikira Lusaka. Tifuna kuona madamu ang'ono okumbidwa ndi akale ocotsedwa matope, madipi okonzedwa, timilatho ta m'midzi, ndi malo osonkhanitsira mkaka okhala ndi coziziritsira ca mphamvu ya dzuwa. Koma malo otere amangidwe pamene alimi awerengedwa, mkaka ulipo, ndi wogula wapezeka. Nyumba ya mkaka yopanda mkaka isanduka cogona mileme. Ndipo wogula woyamba asafunidwe kutali: pa boma la Chadiza pali masukulu, cipatala ndi anthu a malipiro, Katete ndi Chipata ziri pafupi.

Cacitatu, kwa mafumu. Nthaka ndi madambo ziri m'manja mwanu. Ikani lamulo la tsiku lotayirira ng'ombe, lamulo la moto wa m'chire, ndi lamulo la mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje, ndipo lamulolo ligwire mwana wa mfumu monga ligwira mwana wa mlendo. Mai amene athirira dimba, ndi mnyamata amene afuna kukumba citsime cabwino, adziwe kuti malowo sadzalandidwa akayamba kubala ndarama. Munthu sabzala nthoci pamalo pamene mawa adzamcotsa.

Cacinai, kwa alimi eni. Gawanani masabata obzala kuti musakolole onse tsiku limodzi. Lipirani garimoto imodzi pamodzi, ndi kutuma anthu awiri okhulupirika, a buku loonekera kwa onse. Sungani mapesi ndi masamba a nshawa pa thandala. Tengani ndowe za m'khola kunka nazo ku dimba, ndi zotsala za m'dimba kunka nazo ku khola. Masamba akacuruka, futsani monga anacitira amai athu. Mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya ufunidwa ndi anthu a m'tauni. Kamani ndi manja osamba ndi ciwiya coyera, ndipo musathire madzi mu mkaka, pakuti wogula wonyengedwa kamodzi sabweranso. Ndipo musagulitse wonse: kapu yoyamba, yowiritsa bwino, ikhale ya mwana wa pa nyumba.

INU A M'MAKOMBONI

Mwina wina afunsa kuti, ine ndigwira nchito ku Lusaka, za madimba a kwa Zingalume zindikhudza bwanji? Tiyankha motere. Dimba likauma ndi ng'ombe ikafa, mphwanu akwera basi. Afikira m'cipinda canu cimodzico, adya pa mbale yanu, ndipo m'mawa akaima pa cipata ca kampani pamodzi ndi anzace ambiri. Bwana akaona khamu pa cipata, sakweza malipiro anu. Umphawi wa kumudzi ndiwo utsitsa mtengo wa thukuta la munthu wa m'tauni. Zinali tero pa nthawi ya msonkho, ziri tero lero.

Ndipo taonani ana. Kafuku-fuku wa Boma wa caka ca 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka 5 m'Zambia, 35 anali opinimbira. Mwana wopinimbira sabwezeka msinkhu, ndipo sukulu imbvuta. Amenewa ndi ana a kumudzi ndi a ku komboni omwe. Cimene asowa si nsima yokha iai, koma mkaka, mazira, nshawa ndi masamba, zinthu zimene dziko la kum'mawa lingathe kubala.

Tsono citani izi. Potumiza ndarama kumudzi, nenani nchito yace: iyi ndi ya katemera wa ana a ng'ombe, iyi ndi ya mankhwala a dipi, iyi ndi ya waya wa mpanda. Inu a mudzi umodzi amene mucita cilimba ndi kusonkherana pa maliro, sonkheranani kamodzi pa zamoyo: pampu imodzi ya dzuwa kapena yopalasa ndi miyendo ingasinthe dambo lathunthu. Muli ndi foni; uzani abale anu mtengo wa pa Soweto asanakweze katundu. Amai a pa msika, funani alimi a kwanu ndi kupangana nao mtengo mbeu zisanapse. Inu odziwa kulemba mabuku a ndarama, kuwocherera zitsulo ndi kukonza makina, nzeru zanu zifunika kumudzi koposa suti imene mubvala pa Khirisimasi. Mukapita ku Kulamba ku Mkaika mu August, musabwerere pa Katete. Pitirirani kufika kwanu, mukaone citsime ndi khola ndi maso anu, ndipo mukafunse khansala kuti ndarama za CDF zagwira nchito yanji m'dera lanu.

Makolo athu anamenyera nthaka iyi kuti ibwerere kwa eni ace. Inabwerera. Cotsala ndi cakuti idyetse ana ao, a kwa Zingalume wa ku Chadiza ndi a kwa Zingalume wa ku Lusaka pamodzi. Tsiku limene mlimi wa kumudzi adzagulitsa matimati ace onse pa mtengo woyenera, ndi mwana wa ku komboni adzamwa mkaka asanapite ku sukulu, pamenepo tidzati nchito yagwirika. Kunja kunaca kale, abale. Tengani makasu.